Kuperekeza Tadala ku Gatwick

Mpaka lero ine sinditha kukhala pansi pamalo okwerera, kaya ndi siteshoni ya sitima kaya ndi depoti ya basi. Mipando ikhale mbwee, ndimaimabe chilili, dzanja litakanirira pa mkono wa mwana mpaka iye kudandaula kuti ndikumupweteka. Anzanga amandiseka, amati ndili ndi mtima wa nkhuku. Sindikana. Koma sindinabadwe choncho. Nthendayi ndinaitengera ku London, tsiku lina masana, ndipo ndati ndiilembe momwe inandigwirira, mwina ingandichepere.

Ndinapita ku England ndi setifiketi ya za ulembi ya pa koleji ina ya mu Blantyre. M'mutu mwanga munali desiki, foni ndi nsapato za gogoda. Setifiketiyo inakathera pansi pa sutikesi, ine n'kukathera ku Romford, ku nyumba yosungirako okalamba: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi kuti asachite zilonda. Ntchitoyo sindinkaida ayi. Panali gogo wina wachizungu amene ankandigwira tsaya n'kumanditchula dzina la mng'ono wake womwalira kalekale, ine n'kumavomera. Chinkandidya chinali ulendo. Ndinkagona ku Tottenham, m'kachipinda ka pamwamba pa golosale yogulitsa ufa ndi nsomba zouma, ndipo kuchoka kumeneko kukafika kuntchito kunali basi, sitima, kenako basi ina. Tsiku lililonse ndinkangokhalira kuthamangira chinthu chimene chatsala pang'ono kunyamuka.

Za bambo ake a mwana wanga Tadala sindinena zambiri. Anali wakwathu konkuno, wa pakamwa pokoma, wa jekete lachikopa. Mimba itaoneka anapeza ntchito ku Scotland, ndipo foni yake inayamba kumangoitana osayankhidwa. Nkhani yake ithere pomwepo.

Amene anandigwira dzanja anali Esnart, mtsikana wa ku Lusaka amene tinkagona naye chipinda chimodzi. Iye shifiti yake inali yochezera, yanga ya masana. Mwana tinkapatsirana m'mawa pa geti la siteshoni ya Seven Sisters, iye akutuluka maso ali psuu, ine ndikulowa.

"Leta kuno mwana wanga," ankatero akutambasula manja. "Iwe yenda, uzachedwa futi, bakuchose pa nchito."

Tadala anaphunzira kumwetulira pa geti limenelo, pakati pa anthu otigunda ndi mapewa.

Koma Esnart anapeza mwamuna, anasamukira ku Wembley. Ndinasangalala naye, ndinavina pa ukwati wake, pobwerera ndinalira m'basi. Ndinayesa mayi wina amene ankasunga ana a anthu m'nyumba mwake. Tsiku lina ndinaweruka msanga, ndinapeza Tadala atamumangirira pa kampando, atayang'ana khoma, mawu atasasa. Sankaliranso, ankangotsegula pakamwa. Kuntchito nako abwana anali atandiitana kale mu ofesi chifukwa chochedwa. Ndinaimbira amayi anga kumudzi.

"Mutumize kuno," anatero amayi, ngati akunena za thumba la mpunga. "Anzako onse amatero. Wakhanda ndiye amazolowera msanga. Ine manja ndili nawo, ndikungokhala. Koma umusiyitse kaye bere, asadzandivute."

Ndinavomera. Mapepala onse ndinayendetsa, pasipoti yake inatuluka. Bere lokha ndi limene linandikanika. Masana ankamwa wa m'botolo, koma madzulo ndikafika, iye n'kundinunkhiza pachifuwa, ndinkati lero lokha, mawa ndiyamba. Amayi akafunsa ndinkati zikuyenda.

Womutenga anapezeka kutchalitchi. Mai Sauti anabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe, koma bambo awo anali a ku Mulanje, ndipo Chichewa chawo chinali chachikale, chothira Chishona apa ndi apo. Kale ankapemphera nafe ku Tottenham asanasamukire ku Manchester. Chaka chimenecho ankapita ku Harare, kenako pa basi kudzera ku Tete mpaka ku Blantyre, kukamanga chiliza cha bambo awowo. Amayi anga akawadikirira pa depoti. Ndinkati ndikaganiza za kutentha kwa ku Tete, mwana wanga ali pamiyendo pa munthu wina, ndinkada nkhawa. Koma Mai Sauti analera ana ambiri, awo ndi a eni, ndipo aliyense ankati palibe manja ena oposa amenewo.

Tsono kuti mumvetse zimene zinachitika, muyenera kudziwa zinthu ziwiri.

Choyamba ndi njanji za dziko lija. Ndege ya ku Harare inkanyamukira ku Gatwick. Sitima yochokera ku Manchester imathera pa Euston, kumpoto kwa mzinda. Ya ku Gatwick imayambira pa Victoria, kummwera. Pakati pakepo palibe chimene chimazilumikiza koma sitima ya pansi pa nthaka, ndi masitepe, ndi makonde aatali, ndi masitepe ena. Amene anakonza zimenezo ankaganiza za munthu wa kachikwama kamodzi ndi nyuzipepala kukhwapa.

Chachiwiri ndi ife. Kwathu ulendo wa munthu sukhala wake yekha. Zikangomveka kuti uje akupita kumudzi, wasanduka positi. Aliyense ali ndi kaphukusi, ndipo kaphukusi kalikonse ndi "kakang'ono chabe, sikalemera". Kukana sungakane, chifukwa chaka chamawa udzafuna iwenso wokutengera mankhwala a amayi ako. Ndipo wopatsira katundu sabwera dzulo lake kuti upakire bwino, ayi. Amabwera pa siteshoni, tsiku lomwelo, atavala yunifolomu ya kuntchito, akupuma wefuwefu.

Ndinafika pa Euston Tadala ali kumbuyo, chikwama chake cha matewera ndi mabotolo chili paphewa. Mai Sauti anatsika ndi masutikesi awiri ndi zikwama zikuluzikulu zamizeremizere zija a ku Zimbabwe amati mashangani. Anthu a ku Manchester anali atawasenzetsa kale.

"Make Tadala, taonani zimene andichita anthu a Mulungu," anatero akupukuta thukuta ndi nsonga ya duku. "Akuti iliko sitima imodzi yolunjika ku ndege, koma imanyamuka ine ndisanaweruke. Dziko la nzeru chonchi, kulephera kulumikiza njanji ziwiri? Munthu ukwere kwanu, ukatsikire pakhomo pa ndege? Ah, ini ndaneta. Tandionetseni mlendo wangayo."

Anasuzumira kumbuyo kwanga. Tadala anawayang'ana, n'kubisa nkhope pamsana panga.

Pomwepo panali kale amayi awiri akutchalitchi, aliyense ndi jumbo yake. Anatithandiza kunyamula, ndisaname. Tinatsika masitepe ngati anthu osamuka, chikwama chimodzi anthu awiri, kubwerera, kukatenga china, wina atatsala kulondera. Azungu ankatilambalala nkhope zili gwa. M'sitima ya pansi tinatseka khomo lonse. Shangani imodzi inang'ambika zipi, nsapato ya mwana wa munthu wina n'kugwera pansi, mnyamata wina n'kuitola, kutipatsa osatiyang'ana. Ndinali nditakonza zonse m'mutu: tikafika ku Gatwick, katundu akalowa, ndikakhala pakona ndi mwana wanga, ndikamuyamwitsa komaliza, ndikamuuza zimene ndinkafuna kumuuza ngakhale samva, kenako ndikamupereka. Ndinkangofuna kanthawi kameneko. Zina zonse ndinali nditagonja.

Pa Victoria tinapeza ena atatu akudikira. Moni, moni, mwaswera bwanji, kumudzi mukapereke moni, aka n'ka achemwali anga a ku Chitungwiza, aka mukangosiya pa Limbe adzatenga okha. Mai Sauti ankangoti, "Ikani, ikani, Mulungu aona." Sitima ya ku bwalo la ndege inali itaima kale, yoyera bwino, ya mipando yofewa. Tinakweza katundu yense. Operekeza anatsika n'kubalalika, aliyense kuthamangira shifiti yake. Ndinamasula Tadala kuti ndikhale pansi, Mai Sauti n'kuti, "Bwera naye kuno, tiyambe kuzolowerana." Ndinawapatsa. Sanalire. Anagwira mkanda wawo n'kuyamba kuuika m'kamwa.

Ndipamene ndinamva dzina langa kunja.

Anali a Gondwe, dikoni wa kutchalitchi kwathu, akuthamanga chakumapeto kwa pulatifomu, tayi ili paphewa, atanyamula katoni m'manja. Wa pa geti, amene operekeza aja anawalola kulowa chifukwa cha mulu wa katundu, iwo anali atawaimitsa poti analibe tikiti. Ankakweza katoniyo m'mwamba, akukuwa, "Mlongo! Mlongo! Kakang'ono chabe!"

Ndimadzifunsa mpaka lero chimene ndinatsikira. Yankho lake ndi lopusa: munthu wamkulu akukuitana, sungakhale pansi n'kumamuyang'ana pawindo. Miyendo inanyamuka yokha. Ndipo pansi pa mtima ndinali ndi chikhulupiriro cha kwathu, chakuti galimoto imene yakuona siingakusiye. Kondakitala amadziwa kuti mayi uja watsika kukatenga katundu, mwana wake ali m'katimu. Ndinali nditakhala ku London zaka, ndinkadziwa bwino kuti sizitero. Koma mutu ukadziwa, sikuti miyendo nayo yadziwa.

Ndinathamanga, ndinalandira katoniyo. Inali yolemera ngati mwala. A Gondwe anayamba kufotokoza za mphwawo wa ku Zingwangwa amene adzailandire. Ndinamva kulira kwa zitseko.

Ndinafika pa chitseko chitatsekeka. Ndinadina batani, silinayake. Ndinadinanso. Kenako ndinachita chimene aliyense wa kwathu akanachita: ndinamenya sitimayo ndi chikhatho, pha pha pha, m'nthiti mwake, ngati minibasi ya ku Ndirande, ndikukuwa m'Chichewa, "Taimani! Taimani, muli mwana!" Inayamba kuyenda. Ndinayenda nayo, ndikumenyabe. Pawindo ndinaona Mai Sauti ataimirira, pakamwa pali yasa, akuyang'ana uku ndi uku. Tadala anali pa mkono wawo, mkanda uli m'kamwa. Anandiona. Anandiyang'ana bwinobwino, ngati mmene ankayang'anira anthu odutsa pa geti paja, osadabwa, osalira. Bambo wina wa yunifolomu anandigwira paphewa n'kundikokera kumbuyo, akulankhula mofatsa zinthu zimene sindinamve.

A Gondwe anali ataima patali, manja ali kumutu.

Bambo wa yunifolomuyo anati ina yachangu ibwera posachedwa, ndidikire. Kudikira! Ndinaona pa bolodi dzina la Gatwick pa sitima ina imene inali pafupi kunyamuka mbali ina ya siteshoni, ndinathamangira imeneyo. Sindinafunse. Nditalowa m'kati ndipamene ndinazindikira kuti ndakwera yoima paliponse.

Ulendo umenewo sindiufunira munthu. Sitima inkati ikathamanga pang'ono, yaima. Zitseko kutseguka, palibe wotsika, palibe wokwera, kutsekeka. Kuyenda pang'ono, kuimanso pakati pa tchire popanda chifukwa. Yachangu ija, imene ndinakana kudikira, inatidutsa ngati mphepo, ine ndikuiona. Ndinaimbira Mai Sauti, foni inkangoitana. Ndinaimbanso. Ndinayamba kuona zinthu: atsika bwanji okha ndi katundu yense uja ndi mwana? Aika mwana pansi kuti atsitse zikwama, sitima n'kubwerera naye ku London? Kapena zonse ziyenda bwino, katundu alowa msanga, iwo n'kuganiza kuti kulekana kwachitika kale, bwanji kumuvutitsa mtsikanayu kawiri, n'kulowa m'kati kumene woperekeza saloledwa? Pa zonsezo chimene chinkandiopsa kwambiri chinali chomalizachi, chifukwa chinali chanzeru.

Sindinakhale pansi. Ndinkayenda kuchoka pa chitseko china kupita pa china. Nthawi yoyamwitsa inali itakwana, ndipo thupi silidziwa za sitima. Bulauzi inanyowa mbali zonse ziwiri. Mayi wina wachizungu anandiyang'ana pachifuwa, anayang'ana m'manja mwanga, n'kuyang'ana kumbali. Ndipamene ndinaona kuti katoni ya a Gondwe ndinali nditaifungatira pachifuwa, ndikuigwedeza.

Ndinali nditadziuza kwa miyezi kuti ndidzapirira. Ndinkati chaka chimodzi, mwina ziwiri, ndikhazikike, ndidzamutenge. M'sitima imeneyo ndinalawa kachidutswa chabe ka zaka zimenezo, ndipo ndinaona kuti chimene sindingathe kupirira si kulira kwake. Ndi nkhope ija ya pawindo. Amayi ananena zoona, wakhanda amazolowera msanga. Anali atayamba kale.

Ubwino wa ku Gatwick ndi wakuti sitima imakutula m'kati mwenimweni mwa bwalo. Ndinakwera masitepe ndikuthamanga, ndinafunsa kumene a ku Harare amaonetsa matikiti. Sindinafunikire kufunsa kawiri. Ndinaona patali mulu wa katundu pansi, ndi anthu akwathu atagwada mozungulira zikwama zotsegula, aliyense akulimbana ndi sikelo.

Mai Sauti anali pakati pawo, atakhala pansi miyendo ali tambalale. Sikelo inali itawakana. Mashangani onse anali pululu, katundu wa anthu ali mbwee: ketulo, mabulangete, nsapato, mafuta odzola, wailesi, suti ya ukwati ya munthu. Pamwamba pa mulu wa majuzi panali Tadala, ali m'tulo, chibakera chili pa tsaya.

Katundu yemweyo amene anandilekanitsa ndi mwana ndi amene anawagwira mwendo kuti ndiwapeze.

"Wabwera," anatero osadzuka. "Ndinati ukapanda kubwera ndimutenga ndithu, ukabwera tiona. Chimene unatsikira n'chimenecho? Tatsegula tione."

Ndinang'amba katoniyo. Munali chitsulo cha galimoto, chakuda, chamafuta.

Mai Sauti anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wa munthu kusiya mwana chifukwa cha chitsulo cha a Gondwe! Mwari wangu. Mutenge, wakhala akufunafuna pachifuwa panga, ine ndilibe kanthu."

Ndinamunyamula, ndinakhala pansi pomwepo pakati pa nsapato za eni, ndinafunda chitenje. Anayamwa osatsegula maso. Mai Sauti anasiya kupakira, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Sunamusiyitse."

"Ndinayesa, amayi."

"Sunayese." Sananene mokalipa. Anatenga juzi n'kuyamba kulipinda. "Ine wanga woyamba ndinamusiya pa famu ndi mkulu wanga, ali wochepa kuposa uyu. Sukulu waphunzira, panopa ndi munthu, amavala tayi. Ndikafika amandigwira dzanja ndi ulemu wonse, amandifunsa ngati ndayenda bwino, ngati mlendo wa abusa. Sindinganene kuti ndinalakwa. Sindinganenenso kuti ndinakhoza. Ndiye usandifunse. Ine ndege ndikwera, naye kapena ndekha. Koma ukandipatsa, undipatse ndi manja awiri. Mwana wopatsidwa ndi dzanja limodzi amavuta panjira."

Tadala atakhuta ndinamugoneka paphewa, anageya. Ndinaimirira. Ndinawerama, ndinamuika kumsana, ndinakokera chitenje, ndinamanga mfundo pachifuwa. Ndinamanganso yachiwiri.

Mai Sauti anagwedeza mutu, anatulutsa m'chikwama cha m'khosi pasipoti ya mwana imene ndinawasungitsa pa Euston n'kundipatsa.

"Chabwino. Amayi ako ndikawauza ndekha pa depoti, koma uyambe ndiwe kuwaimbira, ine ndisakafere za eni. Tsono poti manja ako ali pa mtendere, nyamula izi. Ketulo ndi ya Mai Phiri. Mabulangete ndi a mtsikana wamtali uja. Chitsulo ukudziwa mwini wake. Ukawauze kuti ndege si ngolo."

Ndinabwerera ku London ndi mwana kumbuyo, shangani yodzaza katundu wokanidwa kudzanja, chitsulo kukhwapa. Masitepe onse aja ndinakwera ndekha. Lamulungu lotsatira ndinagawa katunduyo pakhomo pa tchalitchi, anthu akulandira nkhope zili zii, ena akunong'onezana za tikiti ya mwana imene yapita pachabe. A Gondwe anandizemba mwezi wathunthu.

Amayi ndinawaimbira, ndinawafotokozera zonse. Kenako anati, "Ndinali nditagula kale neti ndi kabafa." Anadula.

Sindinganame kuti zinayenda bwino pambuyo pake. Ntchito ya ku Romford inatha. Ndinayamba kukolopa m'nyumba za anthu, kumene ena ankalola kuti ndibwere ndi mwana, ena ayi. Tinasamuka zipinda kangapo. Kumudzi ndinkatumiza mwa apo ndi apo, nyumba imene ndinalonjeza amayi inaima pa mawindo. Panali masiku amene Tadala ankatentha thupi ine ndili ndi nyumba zitatu zondidikira, ndipo ndinkadzifunsa ngati sindinamumane moyo wabwino chifukwa cha mantha anga. Mapepala anga atatha mphamvu, ndinatopa ndi kuyenda ndikuyang'ana kumbuyo. Tinabwerera kwathu Tadala atayamba kale sukulu.

Tinapeza amayi atakalamba kuposa mmene mawu awo ankamvekera pa foni. Anandilandira bwino, anapha nkhuku, sanatchule kanthu. Tsiku lotsatira masana anali atakhala pakhonde, Tadala ataima pa chitseko, akuwayang'ana chapatali. Chichewa ankamva pang'ono, changa chokha, koma cha amayi chinkamuthamangira.

"Iwe, tabwera kuno," anatero amayi. "Tandikanda kumsanaku, pakundiyabwa."

Tadala anatembenukira kwa ine. "Mum, what's she saying?"

Amayi anandiyang'ana. Sanakwiye, ndipo mwina kukwiya kukanakhala bwino.

"Ukanandipatsa tsiku lija," anatero, "bwenzi pano akundikanda."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimumasulire mwanayo, koma amayi anakweza dzanja.

"Iwe khala chete. Waima pakati pathu mokwanira."

Anatambasula mkono, anamugwira Tadala padzanja, anamukokera pafupi pang'onopang'ono, n'kuika kadzanjako pamsana pawo, pamene pankayabwapo.

"Apa," anatero. "Nena. Apa."